Malire a maboma: adawalemba ndani, nanga mukabwezedwa mupite kuti?

Kalembera akafika, kaya wa feteleza wotsika mtengo kaya wa chimanga cha chithandizo, anthu a m'midzi ya m'malire mwa maboma amamva mawu omwe aja: "Inu si a kuno, kalembetseni kwanu." Munda uli tsidya lino, manda a makolo ali tsidya lino, koma chitupa chikutchula mfumu ya tsidya lina. Mukaoloka, kumeneko akukuuzani kuti kaundula adatseka dzana.

Malirewa sadalembedwe poganizira anthu okhalamo. Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston adaligawa m'maboma kuti msonkho wa nyumba uzitoleredwa bwino. Mzungu wa pa boma ntchito yake yaikulu inali imeneyo. Mzere unkangotsata chooneka ndi maso, mtsinje kapena phiri, ngakhale mbali zonse ziwiri kuli mbumba imodzi. Zigawo zitatu, Kumpoto, Pakati ndi Kummwera, zidabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Mu 1933 atsamunda adapatsa mafumu ena mphamvu zolamulira ndi zoweruza, ena n'kuwaika pansi pa anzawo, ndipo milandu ina ya malire imene imaweruzidwa lero idafesedwa pamenepo.

Titalandira ufulu mu 1964 tidasintha mayina. Fort Johnston idakhala Mangochi, Port Herald Nsanje, Fort Manning Mchinji, Fort Hill Chitipa. Mizere yambiri idatsala momwemo. Mphamvu yogawa maboma ili kwa Pulezidenti, ndipo m'nthawi ya Bakili Muluzi Balaka idachoka ku Machinga, Phalombe ku Mulanje, Likoma ku Nkhata Bay, kenaka mu 2003 Neno idachoka ku Mwanza. Lero maboma alipo 28. Chigawo cha Kummawa chimene apolisi ndi zipani amachitchula chija, pa zigawo zitatu za dziko palibepo. Zomba ndi Mangochi ndi za Kummwera ndithu.

Pamwamba pa mizere imeneyi adaunjikaponso ina. A zaulimi ali ndi madera awo, a zaumoyo awo, a bungwe loyendetsa zisankho la MEC awonso, omwe mu 2022 adachulukitsa madera a aphungu kuchoka pa 193 kufika pa 229. Mudzi umodzi utha kuvotera kuno, kulembetsa feteleza uko, mfumu yake yaikulu ili kwinanso, ndipo kalaliki aliyense amakhulupirira pepala lake lokha.

Pa pepala njira yodandaulira ndi yaifupi. Mumayamba kwa nyakwawa, kenaka gulupu, kenaka mfumu yaikulu. Ngati olimbana ndi mafumu aakulu awiri, nkhani imapita kwa DC, bwanamkubwa wa bomalo. Ngati ndi maboma awiri, ma DC onse awiri ayenera kukhala pansi pamodzi ndi unduna wa maboma ang'ono, ndipo akatswiri oyeza malo abwere kudzayenda m'malirewo.

Apa ndiye pamene nkhani zimagona. Kuyenda m'malire kumafuna galimoto, galimoto imafuna mafuta, ndipo mafuta ku khonsolo amakhala atangotha kumene tsiku lililonse limene mwafikako. Palibe amene angakuuzeni poyera kuti sonkhani. Amangoti, "Mukanatithandiza mayendedwe, bwenzi titabwera sabata yamawa." Mudzi umasonkha, wina nkhuku, wina ndowa ya chimanga, kuphatikiza chabwalo chimene mudapereka kale kwa amfumu. Tsiku likakwana, DC mmodzi ali ku msonkhano kunyanja (misonkhano ya malire siipatsa alawansi yokoma ngati ya kuhotela). Akadzapangana tsiku lina, winayo wasamutsidwa, ndipo wobwerayo akuti ayambe wawerenga kaye failo.

Ngakhale atabwera onse, malire akale ambiri adafotokozedwa ndi mawu: kutsata mtsinje wakuti kukafika pa phiri lakuti. Mtsinje umasamuka. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi osefukira amasiya khwawa lakale n'kudzikumbira lina, ndiye gogo wa mbali ino aloza mchenga wouma, wa mbali inayo aloza pamene madzi akuyenda lero, ndipo onse awiri sakunama. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limafuna kuti dera la mfumu yaikulu iliyonse liyezedwe ndi kulembedwa, koma ntchitoyi ikuyenda ngati nkhono.

Podikira zimenezo, musapite ku boma ndi pakamwa pokha. Dandaulo likhale lolembedwa, la mudzi wonse osati la munthu mmodzi, lokhala ndi chidindo cha gulupu ndi cha mfumu yaikulu. Kalatayo muikope, ndipo wolandirayo adinde tsiku pa kope lanulo. Ndalama iliyonse imene mwapemphedwa ku ofesi, funsani lisiti la boma. Akayamba kukanda mutu, dziwani kuti ndalamayo siili m'malamulo. Ndipo amene wakubwezani pa kalembera mumufunse mwaulemu kuti mudzi wanu uli m'kaundula wa dera liti, alembe dzina la deralo pa kapepala, kuti tsidya linalo mukafike ndi choonetsa.