Khutu liyambe, choko chibwere pambuyo

M'sukulu zambiri za mkombaphala, kuphatikizapo za kwa Ngokwe ndi kwa Chikweo kufupi ndi nyanja ya Chiuta, mwana wotchuka kuti ndi wanzeru amakhala uja wolakatula zilembo ndi masiku a pasabata m'Chingerezi osaphonya. Makolo amanyadira, alezi n'kumuombera m'manja. Komatu kuloweza kotereku sikutiuza zambiri za mmene adzawerengere akalowa Sitandade 1. Cholosera bwino ndi khutu lake. Kodi akumva kuti "phala" ndi "pala" ndi mawu osiyana? Kodi angawombe m'manja katatu potchula chi-ma-nga, n'kuzindikira kuti akachotsa "chi" patsala "manga"?

Mu 1983, Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku Oxford adafalitsa zomwe adapeza atatsatira ana pafupifupi 400, kuyambira ali ndi zaka 4 ndi 5 asanadziwe kuwerenga. Amene ankatha kusiyanitsa maliwu ndiwo adadzawerenga bwino, ngakhale ofufuzawo ataganizira kusiyana kwa nzeru ndi luso lokumbukira. Ena anganene kuti nzeru n'zobadwa nazo, wochenjera adzawerenga basi. Zoona, nzeru zimathandiza, makamaka pomvetsa nkhani. Kukumbukira nakonso n'kofunika, chifukwa mwana akamafika pa "nga" ayenera kukhala akusungabe "chi" ndi "ma" m'mutu, ndipo mwana wobwera ndi njala kapena wongodzuka kumene pa malungo sachedwa kuzitaya. Koma pa zitatuzi, khutu ndilo mlezi angalinole mosavuta popanda buku kapena ndalama. Ku Bornholm m'dziko la Denmark, Ingvar Lundberg ndi anzake adaonetsa mu 1988 kuti masewero a maliwu okha, opanda zilembo, adathandiza ana kuwerenga ndi kulemba atayamba sukulu.

Ku Chiuta nkhaniyi ili ndi mbali ina. Ana ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, ena Chilomwe, pamene mabuku a ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, yomwe idayamba mu 2016, ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mwana wotere akangoti duu m'kalasi, n'kosavuta kumuyesa wogona mutu, chonsecho akulimbana ndi maliwu achilendo. Nthano, ndagi ndi nyimbo za m'chiyankhulo cha amayi ake ndizo zingamuzoloweze kuphwanya mawu m'maphatikizo, ndipo lusoli sataya akasamukira ku Chichewa, chomwe mwamwayi chimalembedwa pafupifupi mmene chimatchulidwira.

Chotsutsa champhamvu chikuchokera pafupi pomwepa. Kafukufuku wa Berk Özler ndi anzake, yemwe adachitika m'sukulu za mkombaphala 199 ku Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, adapeza kuti kuphunzitsa alezi okha sikudasinthe kwenikweni luso la ana. Chiyankhulo cha ana chidapita patsogolo pomwe makolo nawo adaphunzitsidwa, koma pofika miyezi 36 phindulo linali litazilala. Wina angati nanga tivutikirenji? Ine ndikuona kuti zotsatirazi zikuloza malo awiri. Poyamba ndi pakhomo, pomwe mwana amamva mawu ambiri kuposa kwa mlezi wongodzipereka wosalandira malipiro okwanira. Kenaka ndi Sitandade 1, komwe mphunzitsi mmodzi nthawi zina amayang'anizana ndi ana oposa 100, ndipo alibe mpata womvetsera mwana aliyense payekha kuti adziwe amene akumva kusiyana kwa "ka" ndi "kha" ndi amene akungotsatira chisawawa cha anzake.