Kachipangizo Kafika mu Lusaka, Koma Uthenga Wake Sunafikire Onse

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke, amayi ambiri amachoka ku Kalingalinga, Mtendere ndi Bauleni kupita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Kabulonga ndi Woodlands. Mwini nyumba ndi wantchito wake amapondana mapazi tsiku lonse, komabe pa nkhani yakuti munthu angathe kudziyeza yekha kachilombo ka HIV, kawirikawiri mmodzi amadziwa pamene winayo sanamvepo.

Njira imeneyi inayamba kufalitsidwa m'Zambia, m'Malawi ndi m'Zimbabwe kudzera m'ntchito ya STAR imene inakhazikitsidwa mu 2015, ndipo mu 2016 bungwe la WHO linaivomereza. Kachipangizo kotchedwa OraQuick sikafuna singano. Munthu amakapaka ku nkhama, n'kukaviika m'kabotolo ka mankhwala, ndi kudikira mphindi 20. Pakaoneka mzere umodzi ndiye kuti kachilombo sikanapezeke. Ikaoneka iwiri, apite kuchipatala akatsimikize.

Ofunika kumva zimenezi koposa ndi amayi. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 kapena kuposerapo, pafupifupi 14 anali ndi kachilomboka, pamene mwa abambo anali 8.

Nanga uthengawu umatsekeka pati? Mayi amene anapita patali ndi sukulu amawerenga zikwangwani za Chingerezi, ali ndi foni ya intaneti, ndipo amalowa m'sitolo ya mankhwala mu Cairo Road mopanda manyazi. Mnzake wogulitsa tomato pamsika wa Soweto sangasiye malonda kuti akamvere maphunziro kukiliniki ya kwawo, kaya ku Kabwata kapena ku Chelstone, pakuti tsiku losagulitsa ndi tsiku logona ndi njala. Ndiponso mayi wodalira mwamuna pa ndalama ya lendi amaopa ngakhale kufunsa, kuti angamuganizire zoipa ndi kumuthamangitsa pakhomo.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma munthu angafunse bwanji za chinthu chimene sadziwa n'komwe kuti chilipo? Udindo uli pa ife amene tinamva. Inu mayi a ku Woodlands, muuzeni wantchito wanu mwaulemu, mumpatse theka la tsiku osamudula malipiro, ndipo akabwera musamufunse zotsatira. Inu a m'magulu a chilimba, mukatha kuwerengera ndalama, kambiranani nkhaniyi m'chinenero chimene aliyense akumva. Mankhwala a ARV amaperekedwa ulere m'zipatala za boma, koma amathandiza yekhayo amene wadziwa mmene alili nthawi ikadalipo.