Dzanzi ndi kuzizira kwa manja ndi miyendo pambuyo pa opaleshoni ya pamimba

Anthu ambiri amene achitidwa opaleshoni ya pamimba amadabwa kuona kuti bala lapola koma khungu lozungulira chipsera lachita dzanzi, kapena mapazi akungozizira. Nthawi zambiri zimenezi zimatha zokha. Chimene chimasiyanitsa vuto laling'ono ndi loopsa ndicho malo amene dzanzi lagwira komanso nthawi imene layamba.

Dzanzi la pachipsera

M'mnofu wa pamimba mumadutsa minyewa yopyapyala imene imatumiza mauthenga ku ubongo munthu akakhudzidwa. Dokotala akamang'amba khungu, tinthambi tina ta minyewayi timaduka, kukokedwa kapena kugwidwa ndi ulusi wosokera. Izi zimachitika kawirikawiri pa bala lopingasa la pansi pa mchombo, limene amayi ambiri oberekera opaleshoni amakhala nalo. Kang'ambidwe kameneka anakafotokoza m'chaka cha 1900 ndi dokotala wa ku Germany, Hermann Pfannenstiel.

Mnyewa wongopanikizika umachira pa masiku kapena masabata ochepa. Wowonongeka m'kati umamera pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo n'chifukwa chake dzanzi limatenga miyezi. Wodukiratu ungasiye kachigamba ka dzanzi moyo wonse. Mwa anthu 100 aliwonse okonzedwa phudzi la mphechepeche, 10 mpaka 12 amatsala ndi ululu wokhalitsa, malinga ndi malangizo a akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana a chaka cha 2018.

Kutali ndi bala

Munthu wogonetsedwa ndi mankhwala satha kutembenuka. Chigongono chikatsamira pamalo olimba kwa maola ambiri, chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zimachita dzanzi. Miyendo ikakwezedwa pa zitsulo, mnyewa wa kunja kwa bondo ungapanikizike ndipo phazi limalendewera poyenda. Zida zokanulira bala nazo zingatsindike mnyewa waukulu wopita ku ntchafu.

Kuzizira kwa m'masiku oyamba kuli ndi gwero lina. Mankhwala ogonetsa amatanula mitsempha ya magazi, ndipo kutentha kwa m'kati mwa thupi kumatsika ndi pafupifupi digiri imodzi mu ola loyamba. Thupi likamadzibwezeretsa limachepetsa magazi opita ku zala. Kutaya magazi ambiri kumawonjezera vutoli.

Dzanzi lobwera mochedwa

Dzanzi loyamba ku zala za mapazi onse awiri n'kumakwera pang'onopang'ono silichokera ku mpeni. Amene anachotsedwa mbali ya chifu kapena chigawo chomaliza cha thumbo laling'ono satha kuyamwa bwino vitamini B12, amene minyewa imadalira. Popeza chiwindi chimasunga vitaminiyu kwa zaka zingapo, zizindikiro zingaoneke munthu ataiwala kale za opaleshoniyo. Jakisoni wa B12 amathandiza akayambidwa msanga.

M'chigawo chino cha Africa madokotala amayang'ananso matenda a shuga, HIV, ndi mankhwala a chifuwa chachikulu a isoniazid, amene amaperekedwa limodzi ndi vitamini B6 pofuna kuteteza minyewa. Mankhwala a metronidazole, operekedwa kawirikawiri pambuyo pa opaleshoni ya matumbo, angabweretsenso dzanzi akamwedwa nthawi yaitali. Wodwala asasiye yekha mankhwalawa asanaonane ndi dokotala.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Mwendo umodzi ukazizira mwadzidzidzi, kusintha mtundu ndi kuwawa kwambiri, ndiye kuti mtsempha waukulu wa magazi ungakhale utatsekeka; pakatha pafupifupi maola 6 mnofu umayamba kufa. Katumba wotupa, wotentha ndi wopweteka angasonyeze magazi oundana, amene angathothoke n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Kwa amene anabayidwa jakisoni wa pamsana, kufooka kwa miyendo kumene kukukulirakulira, dzanzi la pakati pa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi n'kofunika chithandizo tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso manja ozizira limodzi ndi kutentha thupi, chizungulire ndi kugunda kwa mtima mothamanga.

Amene dzanzi lawo silili m'gulu limeneli ayenera kulemba tsiku limene linayamba ndi kuona ngati malo ake akukula kapena kuchepa, n'kukauza dokotala. Asaothe moto pafupi kapena kuika botolo la madzi otentha pa khungu la dzanzi, chifukwa limapsa mwiniwake osamva.