Magetsi Amadzutsa Minofu, Koma Salumikiza Msana

Ife ochokera ku Salima ndi ku Nkhotakota polowa mumzinda wa Lilongwe timadutsa pa Area 18, ndipo timaona tokha m'mene njinga zamoto za kabaza zimapyolera pakati pa magalimoto. Ngozi ikagwa, wothyoka mwendo amachira. Koma amene mtsempha waukulu wa mumsana waphwanyika amatuluka ku Kamuzu Central ali pa njinga ya olumala. Kunyanja kwathu nako zimachitika: kugwa mumtengo wa mango, kudumphira chamutu m'madzi osaya, ngakhalenso TB ya msana.

Chimene mabanja ambiri sitiuzidwa ndi chakuti thupi la m'bale wathuyo limasintha mwakachetechete. Minofu ya miyendo, posalandira uthenga wochokera ku ubongo, imafota msanga. Ofufuza a ku Georgia, m'dziko la America, anapeza mu 1999 kuti pakangotha masabata 6 minofu imeneyi imakhala yochepa ndi 18 mpaka 46 peresenti poyerekeza ndi ya anthu osavulala. Malo ake amalowa mafuta. Tsono sikelo ikhoza kuonetsa kulemera komwe kuja, ife n'kumati wodwala wayamba kubwerera, pamene m'kati muli chiopsezo cha matenda a shuga ndi a mtima. Kufota kwa minofu ya m'matako nako kumasiya fupa likutsamira pakhungu, ndipo apa ndi pamene pamayambira zilonda zakuya zimene zimatenga miyoyo.

Apa ndipo pabwera nkhani ya magetsi. Pali kamakina koyendera mabatire kamene zigamba zake amamata pantchafu. Kamatumiza mphamvu yochepa ya magetsi ku mitsempha yaing'ono ya m'mwendo, mnofu n'kukungika, bondo n'kuwongoka, mwini wake osalamula. Mu 2012 Dr Ashraf Gorgey ndi anzake a ku Richmond, America, analengeza zotsatira za amuna ofa miyendo amene anachita zimenezi kawiri pa sabata kwa masabata 12, atamangiriridwa tizitsulo tolemera m'akakolo, uku akusamala kadyedwe. Minofu yowongola bondo inakula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Anthu ake anali ochepa, koma ofufuza enanso apeza zofanana.

Tinene mosabisa, abale ndi alongo: mwendo ukagwedezeka ndi magetsi sindiye kuti msana walumikizika. Tikudziwa chimwemwe chimene chimagwira mayi poona phazi la mwana wake likusuntha patapita miyezi, ndipo ndi chimwemwe chomwecho chimene ogulitsa timakina totikita thupi amadyerapo. Munthu akasiya kugwiritsa ntchito makinawo minofu imafotanso. Ndipo amene anavulala kumunsi kwenikweni kwa msana, mitsempha yopita kumiyendo n'kuonongeka, makina wamba sawathandiza.

Choncho tisagulitse ukonde kapena mbuzi tisanafunse a fiziyo. Pa Kamuzu Central pali chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, chimene chinatsegulidwa mu 2023, ndipo ku Blantyre kuli Kachere. Iwo ndiwo angaone ngati mafupa, amene amafewa munthu akasiya kuyenda, angapirire osathyoka. Khungu losamva kupweteka limapsa mwini wake osadziwa. Wokhala ndi makina a mtima asayese n'komwe.

Pakadali pano ntchito yaikulu ili m'manja mwathu: kumutembenuza maola awiri aliwonse akagona, kuyang'ana matako ndi zidendene tsiku ndi tsiku, kupinda ndi kuwongola mawondo pang'onopang'ono, kuchepetsa nsima, mandasi ndi shuga wa mu tiyi, n'kuonjezera usipa, nyemba ndi masamba.

Kwa amene anavulala pakhosi kapena kumtunda kwa msana, mutu ukayamba kuwawa mwadzidzidzi, nkhope n'kutuluka thukuta, BP yakwera moopsa. Zimitsani makina, mukhazikeni tsonga, masulani zovala, onani ngati paipi ya mkodzo yapindika, ndipo zikapitirira thamangirani naye kuchipatala.