Kodi Kalata Yanu Yofunsira Ntchito Ikanena Zotani?

Amayi anzanga, masiku ano ambiri a ife tikufuna ntchito yolembedwa. Malipiro a abambo okha sakufika kumapeto a mwezi, ndipo ena mwa ife tikulera ana tokha. Ntchito zimapezeka apo ndi apo: sukulu yogonera komweko ifuna wophika kapena matroni wa atsikana, sitolo ifuna wogulitsa, sukulu ya mkaka ifuna mlezi. Koma musanaonane maso ndi maso ndi wolemba ntchitoyo, kalata yanu ndiyo imayamba kufika patebulo pake. Inu mumatsala kunyumba, iyo nkupita kukakulankhulirani. Tsono mlungu uno tikambirane mawu amene tiyenera kuituma.

M'magulu a amayi amene ndimayendera ndawerenga makalata ambiri otere, ndipo ochuluka amafanana ngati ana a bere limodzi. Amayamba ndi malonje aatali, kufunsa za moyo wa bwana ndi banja lake lonse. Kenaka amayala mavuto: bambo adamwalira kapena adapita ku Joni osatumiza kanthu, ana asanu ali pa sukulu, denga likudontha. Pomaliza amati, "Chonde bwana mundimvere chisoni, ntchito ina iliyonse ndidzagwira." Mavutowo ndi enieni, sindikuwachepetsa ayi. Koma taganizirani za mphunzitsi wamkulu amene ali ndi ana 300 oyenera kudya ikakwana 12 koloko, ndipo patsogolo pake pali mulu wa makalata. Onse amene alemba ndi ovutika. Iye funso lake ndi limodzi: mwa amayi onsewa, ndani angaphike nsima ya khamu lotere, yakupsa bwino, pa nthawi yake? Kalata imene yayankha funso limeneli ndiyo amaiika pambali kuti aiwerengenso.

Apa mpamene ambiri timagwa mphwayi. Timati, "Nanga ine ndilembamo chiyani, poti chikwatiwire sindidagwirepo ntchito?" Mayi, mudagwirapo, kungoti palibe adakulipirani. Kodi si inu amene amakuitanani kukatsogolera ophika pa ukwati ndi pa maliro m'mudzi mwanu, amene mumadziwa ndowa za ufa zokwanira anthu 200 popanda kufunsa munthu? Kodi si inu msungichuma wa banki mkhonde, amene mwasunga kope la magawo ndi ngongole zaka zitatu, ndipo tsiku logawana ndalama simudasowe ngakhale tambala? Wina waphika phala pa sukulu ya mmera mpoyamba. Wina wagulitsa tomato pamsika zaka khumi, amadziwa kupikula, kubweza chenji ndi kulankhula bwino ndi wogula wovuta. Zonsezi ndi ntchito, ndipo ndizo ziyenera kudzaza pakati pa kalata yanu.

Tidaleredwa kuti mkazi wamwambo sadzitama, ndipo ndi chifukwa chake dzanja limalemera polemba zabwino zathu. Koma wodzitama ndi uja amalemba kuti, "Ndine wolimbikira, wokhulupirika ndi waukhondo." Mawu otere aliyense amalemba, ngakhale mlesi. Inu ingonenani zimene mudachita, malo ake, zaka zake ndi chiwerengero chake, wowerengayo aweruze yekha. Mwachitsanzo, wofuna ntchito yophika angalembe motere:

"Ndikufunsira ntchito ya wophika imene mwalengeza pa chikwangwani cha sukulu yanu. Kuyambira 2021 ndakhala ndikuphika phala la ana 80 masiku asanu pa mlungu pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwathu, ndipo makiyi a mosungira ufa amakhala ndi ine. Ndimadziwa kuyeza chakudya cha anthu ambiri ndi kulemba zimene zatuluka. Ndidalekeza sukulu Sitandade 8 ndipo ndili ndi setifiketi yake. Ndimakhala pafupi, kotero ndingathe kufika 5 koloko m'mawa. Ndili wokonzeka kubwera kudzaonana nanu tsiku lililonse limene mungandiitane."

Mwaona kuti mulibe kulira, mulibenso bodza. Musadziwonjezere maphunziro. Ngati mulibe MSCE musalembe kuti muli nayo, pakuti adzafuna kuona pepala lochokera ku MANEB. Ngati mudaphunzira zosoka kapena zophika pansi pa TEVETA, tchulani malo ndi chaka.

Kayalidwe kake ndi kaja ka kalata yantchito kamene ana athu amaphunzira ku sukulu. Keyala yanu ndi tsiku pamwamba, keyala ya kumene ikupita m'munsi mwake chakumanzere, malonje a mzere umodzi, mutu wotchula ntchitoyo, ndipo pomaliza saini ndi dzina lanu lolembedwa mooneka. Tsamba limodzi lakwana. Pepala likhale loyera, osati long'ambidwa m'kope la mwana, ndipo lemberani kutali ndi kukhitchini, pakuti dontho la mafuta pa kalata ya munthu wofuna ntchito yophika limanena zambiri.

M'maofesi ambiri amafuna kalata ya Chingerezi, ndipo si chamanyazi kupempha mwana wa sekondale kapena aphunzitsi kuti akuthandizeni. Koma kumbukirani kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Yambani mwalemba nokha m'Chichewa zonse zimene mukufuna kunena, ndipo wokuthandizaniyo atsate zimenezo. Akatha akuwerengereni mzere ndi mzere, kukumasulirani. Alipo ena amangokopera kalata ya pa intaneti yodzaza mawu akuluakulu, mayi nkusaina osadziwa kuti walonjeza luso la kompyuta. Tsiku la mafunso bwana amafunsa zimene zili m'kalatamo, ndipo woyankha ndi inu, mwana uja ali ku sukulu.

Pali kanthu kena kamene kamatipinga ife okwatiwa, ndiko dzina. Setifiketi idalembedwa m'dzina la bambo okuberekani, chiphaso cha unzika mwina chili m'dzina lomwelo, koma kalata mwasaina m'dzina la amuna anu. Wosankha makalata amene sakudziwani angaganize kuti mwabwereka setifiketi ya mwini. Lembani dzina limene lili pa chiphaso chanu, ndipo ngati mapepala akusiyana, fotokozani ndi mzere umodzi kuti ili ndi dzina lakubanja, ilo ndi la pa utsikana. Nambala ya foni nayonso ikhale yoti mudzayankha ndinu. Mukalemba ya abambo amene amayenda maulendo, uthenga wokuitanani ungakupezeni mnzanu atayamba kale ntchito.

Za chiwerengero cha ana anu ndi za m'banja mwanu simuyenera kuzilemba ngati sanafunse. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi, ndi wokwatiwa kapena ali ndi udindo wolera banja. Lamulo lomwelo limapatsa mayi tchuthi chauchembere cha milungu yosachepera 8 pa zaka zitatu zilizonse, akulandira malipiro onse. Limanenanso kuti munthu akasiya ntchito, womulemba ayenera kumupatsa kalata yosonyeza ntchito imene ankagwira ndi nthawi imene wakhala, ngati waipempha. Tsono inu amene mudagwirapo m'nyumba ya munthu, m'sitolo kapena pa esiteti, kapempheni kalata imeneyi, muiphatikize.

Mboni zikhale ziwiri kapena zitatu, anthu amene adakuonani mukugwira ntchito: wapampando wa gulu lanu, aphunzitsi aakulu, amfumu, kapena mtsogoleri wa kumene mumapemphera. Amuna anu ndi achimwene anu sayenera, pakuti aliyense akudziwa kuti sangakunenereni zoipa. Ndipo kawapempheni kaye musanalembe maina awo. Nzochititsa manyazi kuti bwana aimbe foni, mboniyo nkumafunsa kuti, "Mayi wake uti ameneyo?"

Muenvulopu ikani mafotokope okha, mapepala enieni asungeni mpaka tsiku limene adzakuitaneni. Ngati auza kuti mutumize pa WhatsApp kapena pa imelo, jambulani pamalo owala kuti chilembo chilichonse chioneke, ndipo tsogozani mzere wonena dzina lanu ndi ntchito imene mukufuna. Wina akati muyambe mwatumiza ndalama pafoni kuti dzina lanu lilowe m'kaundula, musatumize, pakuti akuba ambiri akudyera amayi m'njira imeneyi. Mukakapereka pamanja, funsani dzina la amene walandira, mulilembe pamodzi ndi tsiku kuseri kwa fotokope ya kalata yanu. Pakatha milungu iwiri kapena itatu chitsekereni kulandira makalata, valani bwino, mupite mukafunse mwaulemu ngati adaiona.