Mbale wa likodzo wovala chitenje: mafunso ndi mayankho

Madzi a Ruo akatsika m'phiri la Mulanje amakathira mu Shire pa Chiromo, Shire n'kuwapatsira Zambezi, Zambezi n'kukawatula m'nyanja yamchere ya India. M'matanthwe a m'madzi ofunda a nyanja imeneyo, monga kugombe la Kenya, mpaka kukafika ku Singapore ndi Australia, mumakhala kanyama kotchedwa Pseudobiceros bedfordi. Ambirife sitidzakaona ndi maso, koma abale ake tili nawo pakhomo, ena mpaka m'thupi.

Kodi kanyamaka kamaoneka bwanji?

Ganizirani tsamba lokhwima la tiyi, lija othyola amalisiya m'munsi mwa mtengo, lotalika masentimita 8 kapena 10. Kanyamaka n'kotero: kaphanthiphanthi, kopyapyala, m'mphepete mwake mokwinyikakwinyika ngati mpendero wa diresi. Pamsana m'poderako, pali mizere yopingasa yapinki ndi timadontho tachikasu tosawerengeka. Azungu amakafanizira ndi kapeti wa ku Persia; ine ndikadati chitenje cha pa chinkhoswe. Kamakwawa ndi timaubweya tosaoneka ndi maso tomwe tili kumimba, ndipo kakafuna kusambira kamagwedeza mpendero uja ngati nsalu pa chingwe tsiku la mphepo. Fupa kalibe, magazi kalibe, mapapo kalibe. Kupyapyalako ndiye moyo wake, chifukwa mpweya umangolowera pakhungu. Kakadakhala konenepa, zam'kati zikadabanika.

Nanga mutu ndi pakamwa zili pati?

Kutsogolo kuli tinthu tiwiri tonga makutu, koma si makutu kapenanso nyanga: ndi khungu la m'mphepete lomwe lapindikira m'mwamba. Kumbuyo kwake pang'ono, pamwamba pa kaubongo, pali kagulu ka timaso tongozindikira kuwala ndi mdima.

Pakamwa ndiye mungafune mpaka kutopa ngati simukatembenuza, pakuti pali kumimba. M'kati mwake muli m'mero wopindapinda ngati nsalu yosungidwa m'sutikesi. Kakapeza chakudya, makamaka tinyama tofewa tomata pa matanthwe, kamatulutsa m'merowo n'kuuyala pamwamba pake monga mayi avundikira mbale ya nsima, kenaka n'kumeza. Kuchokera pamenepo matumbo amagawikana nthambinthambi mpaka m'mphepete, ngati mitsempha ya tsamba la mpiru mukaliyang'anitsa padzuwa. Ntchito yomwe mwa ife imagwiridwa ndi magazi, yofikitsa chakudya paliponse, apa ikugwiridwa ndi matumbo omwewo. Dzina la gulu lonse, Polycladida, ndi la Chigiriki lotanthauza nthambi zambiri. Potulukira zonyansa palibe: polowera mpomwe potulukira.

Mwatchula likodzo. Kanyama kokongola chonchi kangakhale bwanji pachibale ndi matenda?

Onse ndi a fuko limodzi lalikulu, Platyhelminthes, la nyongolotsi zaphanthiphanthi. M'fukomo muli Schistosoma haematobium, kamene Theodor Bilharz adakapeza ku Cairo mu 1851, komwe kamakulira mu nkhono za m'madzi odekha n'kuchititsa ana athu kukodza magazi. Mulinso njoka ya m'mimba yonga lamba yodzera mu nyama ya nkhumba kapena ya ng'ombe yosapsa, ndi tija tonga masamba tomwe opha ng'ombe amatipeza m'chiwindi. Palinso tiabale tosalakwa, timene timabisala pansi pa miyala m'mitsinje yozizira. Iti matumbo ake ali ndi nthambi zikuluzikulu zitatu basi, n'chifukwa chake timatchedwa Tricladida. Wopita ku Likhubula azitembenuzako miyala.

Umboni wa ubalewu womwe ine umandigwira mtima uli m'mapilitsi. Praziquantel, amene ana amamwa kusukulu pothana ndi likodzo, amaphanso njoka yonga lamba ija, koma njoka zobulungira za m'mimba sazikhudza. Izo zimafuna mankhwala ena monga albendazole. Ife tonsezi timangoti njoka za m'mimba, koma mankhwala amadziwa kuti mafuko ndi awiri. Nayo nyongolotsi ya m'dimba yowedzera nsomba, pamodzi ndi msundu, ndi a kwina.

Ndiye akatswiri amakaika pati m'kaundula wawo?

Mu 1884 Arnold Lang, wa ku Switzerland, adalemba buku lalikulu la nyama zimenezi atazifufuza ku Naples. Adazigawa pawiri poyang'ana kumimba: zokhala ndi kachomatira konga ka msundu adaziti Cotylea, zopanda adaziti Acotylea. Kathuka kali ndi kachomatira, choncho n'ka Cotylea, banja la Pseudocerotidae.

Dzina lake lili pawiri monga la mkungudza wathu, Widdringtonia whytei. Loyamba lili ngati mfunda, Phiri kapena Banda. Lachiwiri ndiye lakelake. Katswiri wina, Laidlaw, atakalemba koyamba mu 1903 adakapatsa mfunda wa Pseudoceros. Mu 1984 Anno Faubel wa ku Germany adapatula za mfundawu zokhala ndi ziwalo zachimuna ziwiri m'malo mwa chimodzi, n'kuzipatsa mfunda watsopano, Pseudobiceros. Ka "bi" kapakatiko ndi kowerengera ziwirizo.

Bwanji osangozisiyanitsa ndi maonekedwe, kusiyana n'kumasuzumira m'malo obisika?

Apa mpomwe akatswiri adakanganirana kwambiri. Nyamazi n'zosasungika. Ukaziponya m'mankhwala osungira zimadzipinda, zimanyenyeka, mtundu n'kusuluka. Chofika ku nyumba yosungiramo zakale ku London chinkakhala kachinthu kotuwa konga khoko la nsima. Komanso zambiri za Acotylea n'zofanana kunja, zotuwa kapena zoderako. Tsono ofufuza amaumitsa kanyamako m'phula, n'kukadula timagawo topyapyala kuposa pepala, n'kuona kamodzikamodzi pa maikulosikopu mpaka atajambula momwe ziwalo zoberekera zakhalira. Faubel adamanga kaundula wake makamaka pa ziwalo zachimunazo. Stephen Prudhoe, mu 1985, adatulutsa wake wotsamira kwambiri pa timaso, tinyanga ndi zina. Kwa zaka zambiri akaundula awiriwa ankayenda limodzi osagwirizana, ngati mafumu awiri olimbirana mudzi umodzi.

Chodabwitsa n'chakuti m'banja la kanyama kathuka zinthu zidatembenuka. M'kati zambiri n'zofanana, moti ziwalo zimangokuuza mfunda, koma dzina lenileni umalidziwira pa chitenje. Leslie Newman ndi Lester Cannon a ku Australia ndiwo adalimbikira kuti nyamazi zizijambulidwa zili moyo zisadaikidwe m'botolo, ndipo potero adalemba mitundu yambiri yatsopano. Masiku ano DNA ikuweruzako milandu ina, ndipo yasuntha mabanja angapo omwe onse awiri, Faubel ndi Prudhoe, ankaona ngati akhazikika. Ine sindiona cholakwika dzina likasintha. Cholakwika n'kuloweza dzina osadziwa chomwe adaona wolipereka.

Kodi kachimuna ndi kachikazi timasiyana bwanji?

Sitisiyana, pakuti kalikonse kali ndi ziwalo zonse, zachimuna ndi zachikazi. Apa mbale wake wa likodzo ndiye wapadera m'fukoli: iye alipo wamwamuna ndi wamkazi, wamwamuna n'kumunyamula wamkazi m'ngalande ya pamimba pake. Koma tiwiri ta m'nyanjati tikakumana timadzutsa mitu, kalikonse n'kutulutsa timikondo take, n'kuyamba kuzembana. Nico Michiels ndi Newman adafotokoza mchitidwewu mu 1998 ataonerera mtundu wina wa banja lomweli, Pseudoceros bifurcus. Kolasa mnzake pakhungu, paliponse, kamasiyapo umuna womwe umayenda m'thupi kukapeza mazira. Kolasidwako ndiko kasenze ntchito yaumayi, pamwamba pa kupoletsa bala. Mazira kamawamata pa thanthwe, ndipo mumatuluka kamwana kosafanana n'komwe ndi makolo, kobulungira, kokhala ndi timanja tisanu ndi titatu taubweya. Kamayandama m'madzi kwa kanthawi, kenaka timanjato timafota, thupi n'kuphwatalala, iko n'kutsikira pa matanthwe.