Mtengo wa wantchito si malipiro okha

Wamalonda aliyense wa mumsika wa Limbe, Tsoka kapena Mzuzu amadziwa mtengo wa thumba la simenti, belo la kaunjika ndi chigubu cha mafuta ophikira. Amadziwanso kuti mtengo wopikulira si mtengo womaliza, chifukwa pali thiransipoti, wonyamula katundu ndi chiphaso cha khonsolo. Koma ikafika nkhani yolemba munthu ntchito, ambiri amangowerengera ndalama ya pakutha pa mwezi basi.

Apa ndi pomwe mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amapunthwa. Zaka zimadutsa zinthu zikuyenda bwino, mpaka tsiku lomwe bwana ndi wantchito akusiyana. Tsiku limenelo mawu monga notisi, severance, gratuity ndi penshoni, omwe ankamveka ngati a m'makampani akuluakulu okha, amasanduka ngongole yofuna kulipidwa pasanathe sabata.

Mawu amenewa ali m'malamulo a dziko lino, makamaka lamulo la Employment Act la mchaka cha 2000 ndi lamulo la penshoni lomwe lidakhazikitsidwa mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2023. Aliyense mwa mawuwa ali ndi mtengo wake m'makwacha.

Kontrakiti ndi nthawi yoyesedwa

Kontrakiti ndi mgwirizano wa pakati pa wolemba ntchito ndi wolembedwa. Lamulo limazindikira mitundu itatu: wopanda tsiku lothera, womwe anthu amautcha pemanenti, wa nthawi yoikika, monga wa miyezi 6, ndi wa ntchito imodzi yodziwika, monga kumanga mpanda, womwe umatha ntchitoyo ikatha.

Amalonda ena amaganiza kuti posalemba kalikonse ndiye kuti palibe mgwirizano. Si choncho. Pangano la pakamwa nalo ndi kontrakiti, kungoti pakabuka mkangano aliyense amakumbukira zomukomera. Lamulo limafuna kuti wolemba anthu asanu kapena kuposerapo apatse wantchito aliyense chikalata chofotokoza dzina la ntchito, tsiku loyambira, malipiro, maola ndi notisi pasanathe mwezi chiyambireni ntchito. Ngakhale wa golosale yemwe ali ndi mnyamata mmodzi, pepala limodzi losainirana limamupulumutsa ku zambiri.

Ena amazemba posainitsa munthu kontrakiti ya miyezi itatu mobwerezabwereza kwa zaka. Ngati ntchitoyo ndi yokhalitsa, monga ya wogulitsa pakauntala, lamulo limamutenga munthuyo ngati wa pemanenti.

Probation ndi nthawi yoyesedwa kwa munthu wa ntchito yaluso. Siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Koma woyesedwa amalandira malipiro ngati wina aliyense.

Gross, net ndi zodulidwa

Basic ndi malipiro enieni a ntchito asanawonjezerepo kanthu. Alawansi ndi ndalama zapadera monga za nyumba kapena za mayendedwe. Zonse zikaphatikizidwa pamodzi ndi ovataimu zimatchedwa gross. Net ndi yomwe imatsala akachotsa msonkho, penshoni ndi ngongole, ndipo ndiyo imafika m'thumba, ku banki kapena pafoni.

Mikangano yambiri imayambira pa mawu awiriwa. Bwana akatchula K300,000 amakhala akunena gross, pomwe wofunsira ntchito amamva ngati ndiyo azipita nayo kunyumba. Safunsa anadya phula: funso loti "ndi gross kapena net?" liyenera kuyankhidwa tsiku loyamba.

PAYE ndi msonkho womwe wolemba ntchito amadula pa malipiro n'kupereka ku bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority pofika pa 14 mwezi wotsatira. Msonkhowu umayenda m'masitepe. Potengera mlingo womwe udayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba sinkadulidwa kanthu, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, kuchokera pamenepo mpaka K2,550,000 inali 30 peresenti, ndipo yopitirira apo inali 35 peresenti. Masitepewa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho wokonza malipiro ayenera kutenga mndandanda watsopano ku MRA nduna ya zachuma ikangolengeza kusintha.

Mwachitsanzo, mayi wa shopu ya hadiweya ku Mchesi walemba wogulitsa pa K300,000. Pa mlingo wa 2024 uja, msonkho ugwera pa K150,000 yapamwamba yokha, ndipo ukhala K37,500. Penshoni ya wantchito, yomwe ndi 5 peresenti, ndi K15,000. Wogulitsayo apita kwawo ndi K247,500.

Koma mayiyo satulutsa K300,000 yokha. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aikepo 10 peresenti yochokera m'thumba mwake, yomwe pano ndi K30,000. Palinso TEVET levy, 1 peresenti ya malipiro, yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, yomwe ndi K3,000. Ndalama yonse yafika K333,000 pamwezi. Pachaka, zowonjezerazi zokha ndi K396,000, osawerengera inshuwalansi ya moyo yomwe lamulo lomwelo limafuna kuti wantchito akhale nayo, yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi.

Pakati pa K333,000 yomwe yatuluka m'kabati ndi K247,500 yomwe yafika kunyumba pali K85,500. Bwana amaona ngati akulipira zambiri, wantchito amaona ngati akuberedwa. Chomwe chimawayanjanitsa ndi payslip, kapepala koonetsa gross, chilichonse chodulidwa ndi net. Lamulo limati wantchito azilandira kapepalaka nthawi iliyonse ya malipiro.

Ndalama ya eni

Msampha waukulu uli pa ndalama zodulidwazo. Malonda akavuta, kuli kosavuta kutenga PAYE ndi penshoni ya antchito n'kukaoda katundu poganiza kuti mwezi wamawa zibwezedwa. Ndalama imeneyi si ya bizinesi. Msonkho ndi wa boma, penshoni ndi ya wantchito, ndipo iyenera kufika ku kampani yosunga penshoni pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Kuchedwa kumabweretsa chindapusa, ndipo ngongoleyo imakula mwakachetechete.

Woyang'anira nkhani za penshoni ndi Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Wantchito ali ndi ufulu wofunsa sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yake. Kuona kuti payslip yalemba penshoni sikokwanira. Chofunika n'kuona kuti ndalamayo idafikadi.

Malipiro otsikitsitsa

Minimum wage ndi mlingo womwe boma limaika kuti wolemba ntchito asatsikirepo. Mu Januwale 2021 udali K50,000 pamwezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, boma lidaukweza kufika K90,000 mu Febuluwale 2024, kenako K126,000 mu Juni 2025. Antchito apakhomo ndi magulu ena ali ndi milingo yawoyawo, yomwe imapezeka ku ofesi ya leba ya m'boma lililonse.

Mlingowu sumva zoti tidagwirizana. Ngakhale munthu wosowa pogwira avomere ndalama yochepera, tsiku lodandaula wolemba ntchito amalamulidwa kubweza zonse zomwe zinkaperewera.

Maola, ovataimu ndi tchuthi

Maola a ntchito pasabata sayenera kupitirira 48. Opitirira apo ndi ovataimu, ndipo ili pamitundu itatu. Ngati ola limodzi ndi K1,000, ola lowonjezera pa tsiku la ntchito ndi K1,500. Kugwira pa tsiku lopuma kapena pa holide ya boma, monga pa 6 Julaye, ola ndi K2,000. Mashopu omwe amatseka usiku nyengo ya Khirisimasi kapena yogulitsa feteleza ayenera kuika ndalama imeneyi m'mawerengero a phindu. Kabuku kolemba nthawi yofika ndi yoweruka, kosainidwa tsiku lililonse, ndi umboni woteteza mbali zonse ziwiri.

Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pasabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku 5, akulandira malipiro onse. Masiku omwe sadatengedwe amasanduka ndalama tsiku losiyana.

Yemwe wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro, akabweretsa kalata ya kuchipatala. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera 8 pa malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kumuchotsa ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu. Lamulo litakonzedwa mu 2021, abambo nawo adapatsidwa masabata awiri mwana akabadwa, kamodzi pa zaka zitatu.

Wovulala pantchito, monga wonyamula katundu yemwe wagweredwa ndi matumba mosungira katundu, amatetezedwa ndi lamulo la Workers' Compensation Act. Ngozi yotere iyenera kukanenedwa ku ofesi ya leba, osati kungothera pa ndalama ya panado.

Tsiku losiyana

Notisi ndi chidziwitso choti mgwirizano utha. Kwa wolandira pamwezi, notisi ndi mwezi umodzi, kaya akuchoka yekha kaya akuchotsedwa. Wosafuna kudikira mweziwo amalipira ndalama yake m'malo mwake.

Retrenchment ndi kuchepetsa antchito chifukwa bizinesi yavuta kapena ntchitoyo sikufunikanso. Apa ndi pomwe pamabwera severance allowance. Imawerengedwa motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu m'zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kuyambira chaka cha 11.

Mayi wa hadiweya uja akaganiza zotseka shopu wogulitsa wake atagwira zaka 7, mawerengero ake ali chonchi. Zaka 5 zoyamba zipereka masabata 10, ziwiri zotsatira masabata 6, onse pamodzi 16. Sabata imodzi pa K300,000 ndi pafupifupi K69,200. Severance yokha ipitirira K1.1 miliyoni. Akapanda kupereka notisi, aonjezerapo K300,000, komanso masiku a tchuthi otsala. Lamulo limati zomwe wantchito ayenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku 7. Ndalama imeneyi imafunika nthawi yomwe malonda agwa kale, ndipo n'chifukwa chake ambiri imawapeza ali chimanjamanja.

Severance si penshoni, ndipo imodzi silowa m'malo mwa inzake. Wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira severance, koma penshoni yake imakhalabe yake ndipo amapitiriza nayo kuntchito ina. Gratuity nayo ndi ina: ndi ya omwe boma lidawapatula pa lamulo la penshoni, monga antchito apakhomo, ndipo ndi 5 peresenti ya malipiro pa mwezi uliwonse womwe munthu wagwira.

Summary dismissal ndi kuchotsa munthu nthawi yomweyo popanda notisi chifukwa cha cholakwa chachikulu, monga kuba kapena kujomba popanda chifukwa chomveka. Wochotsedwa motere mwachilungamo salandira severance. Koma ngakhale katundu wasowa m'shopu, lamulo limafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka, ndi mwayi woti woganiziridwayo afotokoze mbali yake. Bwana yemwe wapsa mtima n'kulanda makiyi pamaso pa makasitomala akhoza kukhala ndi chifukwa chabwino koma n'kuluza mlandu chifukwa sadamve mbali inayo. Kumeneko ndiko kumatchedwa unfair dismissal, ndipo udindo woonetsa kuti zonse zidayenda bwino uli pa wolemba ntchito.

Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku bwalo la Industrial Relations Court, lomwe likhoza kulamula kuti munthu abwerere pantchito kapena apatsidwe chipukuta misozi.

Zoyenera kuchita mwezi uno

Wamalonda wofuna kulemba munthu ayambe waonjezera 11 peresenti pa malipiro omwe akuganiza, kuti aone ngati phindu la bizinesi likwanitsa. Ngati silikwanitsa, kuli bwino kudziwiratu munthu asanayambe ntchito.

Yemwe ali kale ndi antchito atsegule fayilo ya aliyense: kontrakiti, makope a payslip, masiku a tchuthi, makalata a chenjezo ndi malisiti a MRA ndi a penshoni. Ndalama zodulidwa azizipatula tsiku lomwelo la malipiro, zisagone m'kabati limodzi ndi za malonda. Ndi nzerunso kuika padera kangachepe mwezi uliwonse kodikira severance. Masabata awiri pachaka ndi pafupifupi K4 pa K100 iliyonse ya malipiro, yomwe kwa wogulitsa wa K300,000 ndi K11,500 pamwezi.

Wantchito naye asunge payslip iliyonse, alembe maola ake a ovataimu, ndipo afunse sitetimenti ya penshoni kamodzi pachaka. Kufunsa ku ofesi ya leba nthawi ikadalipo kumadya ola limodzi ndi ndalama ya minibasi. Mlandu wa kubwalo umadya miyezi, ndipo nthawi zina umadya ndi shopu yomwe.